Wolembedwa ndi Mmodzi, Ogwira Ntchito ndi Banja Lonse

Munthu akawoloka mtsinje wa Bua pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe, walowa m'dziko la fodya. Kuno kwa mfumu Njombwa m'boma la Kasungu, nthaka ndi yosalala mpaka pomwe maso amalekeza, ndipo kulikonse kuli zigafa za udzu. Kuyambira mwezi wa Epulo, msika wa fodya wa Chinkhoma umakhala pikitipikiti. Malole amandanda pachipata, mabelo amayalidwa m'mizere, ogula amayenda akusanthula tsamba n'kumatchula mitengo m'madola. Belo lililonse limakhala ndi tikiti yolembapo nambala ya mlimi amene analembetsa ku bungwe loyang'anira fodya. Koma amene anathirira nazale, kubandira mizere ndi kusoka tsambalo usiku ndi nyali ya koloboyi, nthawi zambiri dzina lake silipezeka pa tikitipo. Ameneyo ndi tenanti, ndipo kawirikawiri si wa kuno. Kwawo ndi ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Zomba, Machinga kapena Mangochi, ndipo anabwera ndi mkazi, ana, mphika ndi mphasa.

N'chifukwa chiyani munthu amasiya mudzi wake n'kudzalima munda wa mnzake mtunda wa makilomita mazanamazana? Nanga n'chifukwa chiyani eni minda amakonda wochokera kutali kusiya wapafupi?

Nkhaniyi inayambira kum'mwera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 kunafika ku Blantyre mzungu wina wa ku Germany, Eugene Sharrer, wochokera mumzinda wa Hamburg. Nayenso anali wobwera, koma kubwera kwake kunali kwina. M'zaka zochepa anatsegula masitolo a Kabula, anayendetsa sitima pa Zambezi ndi pa Shire, ndipo anatenga malo oposa maekala 300,000. Mu 1902 chuma chakecho chinalowa mu kampani ya British Central Africa Company, iye n'kupita kukakhala ku London. Malo anali nawo, iye ndi azungu anzake monga a Bruce ku Magomero, koma analibe manja olimira. Manjawo anachokera kutsidya kwa malire. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, Alomwe ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, mabanja athunthu, n'kudzapempha pokhala. Eni minda ankawalandira, koma malowo ankalipiridwa ndi ntchito: mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho, ndipo mwezi wa pa esiteti unkatha kutalika mmene bwana wafunira. Iyi ndiyo thangata yomwe inathandiza kukoleza moto wa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo sinathetsedwe mpaka 1962.

Anthu a m'midzi yakale ya kumeneko akatopa ndi mzungu ankatha kungokhala kwawo. Mlomwe wobwera analibe kothawira, choncho ndiye ankadaliridwa.

Kuchigawo chapakati zinayamba mwa mtundu wina. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920, A. F. Barron ndi R. W. Wallace anatsegula minda ku Lilongwe, kuphatikizapo esiteti ya Mbabzi, n'kuyamba kupereka mbewu ndi malangizo kwa anthu kuti azilima fodya wa chikopa n'kumagulitsa kwa iwo. Utenanti womwe tikuudziwa lero unamera pamenepo: mwini munda salipira malipiro, amangobwereketsa malo ndi zipangizo, kenako n'kugula zokolola pa mtengo womwe waika yekha.

Kasungu inadzaza ndi matenanti m'nthawi ya Kamuzu Banda, mwana wa boma lomweli. Zinthu zingapo zinakumana. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mu 1965, mayiko anayamba kunyanyala fodya wa kumeneko ndipo ogula anatembenukira ku Malawi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankachokera ku migodi ya ku Joni. Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi opanda chochita. Lamulo la Special Crops Act nalo linkati fodya wa bale ndi wa fuluu azilimidwa pa esiteti pokha. Makampani a Press Farming ndi General Farming anatsegula minda ikuluikulu ku Kasungu, nduna ndi akuluakulu a boma analimbikitsidwa kutenga ngongole kubanki n'kutsegula yawo, ndipo pambuyo pake anthu wamba ochenjera anayamba kudulitsa malo a makolo kuti apeze liizi ndi laisensi ya bale. Ma esiteti omwe anali pafupifupi 1,200 mu 1979 anapyola 14,000 pomafika 1990. Ambiri anali ang'onoang'ono, ndipo eni ake analibe ndalama zolipirira antchito mwezi ndi mwezi. Kum'mwera nako, zidzukulu za Alomwe aja zinali zitapanikizana pa timinda tosakwana ekala pakati pa minda ya tiyi. Lole ikafika pamudzi kudzafuna matenanti, sinkachedwa kudzaza.

Chaka cha banja la tenanti chimayamba dzuwa likuswa mtengo. Cha mu Ogasiti kapena Seputembala, mwini munda kapena kapitawo wake amapita kukatenga anthu. Ndalama ya ulendowo imalowa m'buku tsiku lomwelo. Akafika, banjalo limapatsidwa kanyumba, kapena limauzidwa kuti lidzimangire ka mitengo ndi udzu m'mphepete mwa munda. Ntchito yoyamba ndi nazale kudambo: kugalauza, kufesa njere zomwe n'zazing'ono ngati fumbi, kuphimbira ndi udzu, kenako kuthirira m'mawa ndi madzulo kwa miyezi iwiri, ndi keni m'manja. Mkati momwemo akulima mizere, akudula mitengo ya chigafa, akumweta udzu wofolerera. Mvula yodzalira ikagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, aliyense wotha kuyenda amapita kukawokera, chifukwa mbande sizidikira. Ndiye kuthira feteleza, kupalira, kubandira, kupha mbozi, kudula nsonga kuti fodya asachite maluwa, kuchotsa mphukira. Kuyambira Januwale amayamba kuthyola, masamba a m'munsi poyamba, mlungu ndi mlungu kukwera m'mwamba. Othyoledwa masana amasokedwa madzulo n'kupachikidwa pa mikangala m'chigafa. Akauma, pali kusankha tsamba ndi tsamba malinga ndi mtundu ndi kutalika kwake, kumanga mindindi, n'kudinda mabelo pa jeke.

Palibe munthu mmodzi amene angathe zonsezi pa hekitala. Eni minda amadziwa, n'chifukwa chake mbeta ya mwamuna sifunidwa kwenikweni. Funso loyamba kwa wofuna utenanti limakhala lakuti, "Muli pabanja? Ana alipo angati?" M'buku mumalembedwa dzina la bambo. Amayi ndi ana amalowa ntchito popanda wowalemba.

Miyezi yonseyi banjalo limadya phoso la kwa bwana: chimanga, mchere, mwina nyemba kapena usipa zikayenda bwino. Phosolo si mphatso. Chimanga chimalembedwa, ndalama ya kuchigayo imalembedwa, sopo amalembedwa, feteleza, mankhwala, khasu, pepala la pulasitiki lofolerera chigafa, zonse m'buku. Mwana akadwala malungo bwana n'kupereka ndalama ya kabaza wopita kuchipatala, nayo imalowa. Buku limasungidwa ndi bwana, ndipo matenanti ambiri sanapite patali ndi sukulu kuti aziwerengera pawokha. Choipa kwambiri n'chakuti ntchito imakula mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi yomwe chimanga chimakwera mtengo ndipo bwana nayenso m'thumba mwauma. Phoso likachedwa, mayi amapita kukagwira ganyu m'midzi yapafupi kuti apeze ufa kapena gaga, ndipo mzere womwe akanapalira iwo umagwera mwana.

Tsiku lowerengera limadza msika utatsegulidwa, nthawi zina utatsala pang'ono kutsekedwa. Mwini munda amakhala atayeza fodya wa tenanti pa sikelo yake, n'kumupatsa giredi yekha, n'kuika mtengo wake m'makwacha. Iye amakagulitsa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo m'madola. Kenako amatsegula buku n'kuyamba kuchotsera. Pali zaka zomwe tenanti amatsala ndi kangachepe: amagula njinga, wailesi, malata angapo, n'kubwerera kwawo anthu akumuyang'ana ndi kaduka. Nkhani zotere ndi zoona, ndipo ndizo zimadzazitsa lole chaka chotsatira. Pali zaka zinanso zomwe matalala aboola tsamba, kapena fodya wabwezedwa kuokushoni, kapena bwana wangoti "sizinayende." Pamenepo tenanti amauzidwa kuti watsala ndi ngongole. Alibe ya basi yobwererera ku Phalombe, ndiye amalima chaka china kuti abweze.

Tisawaike onse m'gulu limodzi eni mindawa. Ambiri a ku Kasungu lero si nduna zakale. Ndi aphunzitsi opuma, amalonda a pa Chinkhoma, alimi omwe ali ndi mabanja awiri kapena atatu a matenanti, ndipo iwonso ali ndi buku lawo la ngongole ku kampani yogula fodya. Kuchokera mu 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani monga Limbe Leaf, Alliance One, JTI ndi Premium, omwe amapereka zipangizo pangongole n'kudzadula pogulitsa. Kampani imadula kwa mlimi, mlimi amadula kwa tenanti. Tenanti alibe womudula, kupatula mbale ya ana ake.

Za ana ndi zomwe zinafikitsa nkhaniyi kunja. Mu 2009 bungwe la Plan International linafalitsa kafukufuku yemwe linachita ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba. Linanena kuti ana pafupifupi 78,000 ankagwira ntchito m'minda yotere m'dziko muno, ndipo pa tsiku la chinyontho mwana wothyola fodya amatha kulowetsa m'thupi, kudzera pakhungu, mamiligiramu 54 a nikotini, ofanana ndi ndudu pafupifupi 50. Chizungulire, mseru, litsipa ndi kufooka komwe makolo ambiri ankati ndi njala kapena malungo, madokotala amati ndi poizoni wa tsamba laliwisi. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa wosakwana 18 ntchito yoika moyo pachiswe. Koma mwana wa tenanti sanalembedwe ndi aliyense. Akuthandiza bambo ake. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuchokera 1994, komabe aphunzitsi a m'madera a fodya amadziwa mmene mabenchi amapepukira nthawi yothyola ndi yosankha, ndipo mwana wosamuka esiteti chaka ndi chaka amatha kubwereza Sitandade 3 mpaka kumera ndevu.

Mayi ndiye amasenza kawiri. Kumunda ali limodzi ndi bambo, kunyumba madzi, nkhuni ndi mtondo ndi zawo. Kwawo ku Mulanje kapena ku Phalombe, komwe ukwati ndi wa chikamwini, munda ndi nyumba n'za mkazi, ndipo mwamuna akavuta pali atsibweni ndi ankhoswe omukhazika pansi. Pa esiteti zimatembenuka. Ndalama ya chaka chonse imaperekedwa m'manja mwa bambo tsiku limodzi, pa nthawi yomwe mabala a m'mbali mwa msewu satseka. Mayi amene anasoka theka la fodyayo alibe pepala lililonse, ndipo abale ake ali kutali.

Dziko lina linadutsamo m'zofanana ndi izi, ndipo anthu a kwawo kwa Sharrer ndi amodzi mwa amene anazilawa. M'zaka za m'ma 1800 anthu pafupifupi 5 miliyoni anachoka ku Germany kupita ku America. Ena mwa iwo anali owomba nsalu a ku Saxony ndi Silesia, omwe makina anawalanda ntchito kwawo, ndipo anakalowa m'mafakitale a nsalu m'mizinda ngati Lawrence, ku Massachusetts. Kumenekonso malipiro a bambo okha sankakwanira lendi ndi chakudya, choncho mkazi ndi ana ankalowa m'fakitale. Mu Januwale 1912, boma la kumeneko litachepetsa maola a ntchito a amayi ndi ana kuchoka pa 56 kufika pa 54 pa mlungu, eni mafakitale anadula malipiro. Antchito oposa 20,000, Ataliyana, Apolishi, Ajeremani, Asiriya ndi ena ambiri, ananyanyala ntchito kwa miyezi iwiri mpaka malipiro anakwezedwa.

Kusiyana kwake n'kumene kukuphunzitsa. Wa ku Lawrence ankalandira envulopu yake mlungu uliwonse, ndiye atadulidwa anadziwa tsiku lomwelo. Mkazi wake ndi mwana wake, ngakhale ankalipidwa zochepa, aliyense anali ndi dzina lake m'kaundula. Anthu zikwi zambiri ankatulukira pachipata chimodzi, ankakhala m'misewu yoyandikana, anali ndi matchalitchi ndi maholo awo okumaniramo. Tenanti wa kwa Njombwa amadziwa malipiro ake kamodzi pachaka, ntchito itatha kale. Akanyanyala mu Febuluwale, fodya amene akuwola m'munda ndi wake yemwe, ndipo phoso limaima mawa lake. Anzake amwazikana m'ma esiteti mazanamazana, mabanja awiri apa, asanu apo. Bungwe la matenanti la TOTAWUM linayesetsa kuwasonkhanitsa kuchokera m'zaka za m'ma 1990, koma kusonkhanitsa anthu amene chaka chamawa adzakhala kwina n'kovuta.

Ndipo apa ndi pomwe pali yankho la funso lija loti bwanji wochokera kutali. Mchewa wa m'mudzi woyandikana ndi esiteti ali ndi munda wake wa chimanga womwe adzafuna kupalira pa mlungu womwewo fodya akufuna manja. Kukagwa maliro kapena zikakhala za kudambwe, apita. Bwana akamubera pa sikelo, amukokera kwa anyakwawa, omwe mwina ndi amalume ake. Wa ku Phalombe alibe zonsezi. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Iye sakuwa, ndipo sangachoke pakati pa chaka popanda ndalama ya ulendo.

Boma linazengereza nthawi yaitali. Bilu yofuna kukonza utenanti inalembedwa cha m'ma 1995 koma sinakhale lamulo, ndipo sizodabwitsa kwenikweni poona kuti aphungu ndi nduna zambiri za nthawi zonsezo analinso eni minda. Chomwe chinagwedeza zinthu ndi msika. Pa 1 Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa madoko ake poganizira kuti amalimidwa ndi ana ndiponso anthu okakamizidwa. Makampani akuluakulu anachita kupereka umboni, iliyonse payokha, kuti aloledwenso. Mwezi womwewo Malawi inavomereza pangano la bungwe la ILO lolimbana ndi ntchito yokakamiza. Mu Disembala 2020 maloya a Leigh Day anakasuma ku khoti lalikulu ku London m'malo mwa matenanti ndi ana awo zikwi zingapo a ku Malawi, kusumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial. Makampaniwo amakana milanduyo, ndipo anapempha kuti ithetsedwe isanamvedwe, koma mu Juni 2021 woweruza anakana pempholo. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti. Pa pepala, aliyense wolima fodya wa mnzake tsopano ndi wantchito woyenera malipiro osachepera omwe boma linaika.

Lamuloli ndi loyenera, ndipo linachedwa. Koma silinayankhe funso lomwe linabala utenanti: mlimi wa mahekitala atatu amene ndalama amaiona kamodzi pachaka, malipiro a Okutobala mpaka Epulo aziwatenga kuti? Makampani ena anayamba kuika ndalama ya antchito ndi chakudya m'ngongole ya mlimi, ndiponso kufuna kuti pakhale mgwirizano wolembedwa. Zimenezi zimafika kwa alimi a pa mgwirizano okha, ndipo zimakulitsa zodula pa tsiku logulitsa. Kwina konse, maofesi a zantchito a pa boma ali ndi anthu ochepa ndi mafuta ochepa oyendera ma esiteti a boma lalikulu ngati Kasungu. Dzina lasintha, ambiri akutchedwa antchito, koma munthu amene amadya phoso lolembedwa n'kumadikira msika kuti adziwe zake sanasiyane kwenikweni ndi bambo ake. Ku Phalombe ndi ku Thyolo nako malo sanakule.

Pali gulu lina lomwe lamulo la 2021 silinalikhudze n'komwe: amene utenanti unawathera m'manja. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale kuyambira 1990, ma esiteti akuluakulu anayamba kufooka, ndipo minda yambiri ya makampani a Press inasiya fodya. Pa njala ya 2001 ndi 2002, yomwe inakantha Kasungu koopsa, eni minda ena anangouza matenanti kuti phoso latha, aone kolowera. Anthu omwe anabwera ali anyamata m'zaka za m'ma 1970 anapezeka ali ndi zidzukulu zobadwira pa esiteti, zolankhula Chichewa cha ku Kasungu, zomwe phiri la Mulanje zinangolimva. Kumudzi komwe anachokera, kamunda kaja kanagawidwa kalekale. Kuno, mfumu imagawa malo kwa mbumba yake. Ena anakwatira kapena kukwatiwa m'midzi n'kulowerera, ena amachita lendi minda ya chimanga chaka ndi chaka. Ena analowa m'nkhalango ya Kasungu National Park n'kuthamangitsidwamo, ena anawolokera ku Zambia n'kubwezedwa. Mabanja oposa 100 a anthu otere boma linawaika pa kamalo kakang'ono ku Nthunduwala, kumadzulo kwa bomali, poti adikire pang'ono malo okhazikika apezeke. Anakhala pamenepo zaka zoposa khumi, akudalira ganyu m'minda ya anthu oyandikana nawo, ndipo ana ambiri anabadwira pa kampu yomweyo.